Chokanda Pansi pa Chitseko

Madzulo amenewo, m'nyengo yozizira ya 1983, a Felistas anangotsuka mbale n'kukagona. Amuna awo anali pa ulendo wa ntchito. M'nyumba yosanja imene ankakhala ku Arlington, kutsidya kwa nyanja, mabanja a Amalawi analipo awiri okha: iwo ndi a Morton, zitseko zinayi kuchokera pawo. Khanda la a Morton, Dyna, ankalisambitsa ndi iwowo, poti wawowawo Mulungu sanawapatse. Sabata imeneyo mwanayo ankatentha thupi.

Pakati pa usiku a Felistas anatembenukira kumanzere. Basitu.

Denga linayamba kuzungulira. Bedi linapendekeka ngati wina walinyamula mwendo umodzi. Anakhala duu, zinaleka. Atangodzutsa mutu, mayo ine, zinayambiranso! Anagwa pansi n'kusanza. Foni inali m'mwamba pakhoma la kukhitchini. Atakweza maso kuti ayione, khomalo linathawa.

"Ndifera ndekha kuno," anadziuza choncho. Mantha anawagwira zenizeni.

Anatuluka chokwawa, opanda duku, atavala chogonera chokha. M'khonde nyali zinkayenda zokha. Kumapeto kwake kunaima munthu wamtali, chadodolido, mapazi ali kudenga. Anatsinzina, osayang'anakonso.

Pa chitseko cha a Morton dzanja silinafike pa belu. Mawu anakana kutuluka. Anayamba kukanda pansi penipeni ndi zikhadabo. Kwe. Kwe. Kwe.

M'katimo khanda linalira. Anamva mayi a Dyna akunong'ona: "Bambo, musatsegule. Munthu sagogoda pansi." Kenaka pemphero lonjenjemera.

Kutacha a Morton anatsegula. Anawapeza ali chafufumimba, tsitsi nyankhalala, maso akuvina okha uku ndi uku.

"Amayi... mwafika nthawi yanji pano?"

Dokotala anati si zoopsa. Timiyala ta m'kati mwa khutu tinasuntha, n'chifukwa chake mutu ukatembenuka chizungulire chimabwera. Anawalembera ndi kalata yomwe. Koma kalata ingatseke pakamwa pa anthu? Nkhani inafika kwa Amalawi a ku Laurel, inafika kwa a ku Bowie. Ankanong'onezana kuti kwathu munthu wopezeka pakhomo pa eni m'bandakucha, m'nyumbamo mwana akudwala, dzina lake timalidziwa tonse.

Lamulungu kutchalitchi a Felistas anatambasula manja ngati kale.

"Tabwerani naye kuno Dyna wanga."

Mayi ake anamusamutsira paphewa lina. "Wagona."

Mwanayo anali maso, akumwetulira a Felistas.