Mayi a Sellah ndi Loweruka la ku Champhira

Sellah anapeza ovololo ya mwamuna m'chikwama cha mayi ake, yokulungidwa bwinobwino m'chitenje. Inkanunkha utsi. Bambo ake, a Bestone, anali atakhalitsa ku Joni ndipo anali atasiya ngakhale kuimba foni. Nanga ovololoyo inali ya yani?

Zinthu zina zinayamba kumubwerera m'mutu. Loweruka lililonse mayi ake, a Philomena, ankalawira m'mamawa ponena kuti akukazonda m'bale wawo wodwala ku Champhira. Pobwera ankathamangira kukasamba asanapereke moni kwa aliyense. Komanso m'nyumba mwawo munayamba kupezeka shuga ndi sopo, ndipo iye anaguliridwa nsapato za kusukulu.

Mtima utamulemera, Sellah anakaulula kwa a Providence, mlongo wa bambo ake. Iwo sanadabwe. Anati anthu anali ataona kale a Philomena akukwera njinga yamoto ya Wallace, mnyamata wa kabaza, pamphambano, kutali ndi mudzi, akucheukacheuka.

"Ng'ombe za mlongo wanga zinapita kwawo kwa mayi akowa ngati lobola," anatero a Providence. "Mbwenu Lamulungu afotokoze pamaso pa akuluakulu."

Sellah anachita mantha, poona kuti nkhani yamupulumuka. Loweruka anabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku Champhira kuti akaone yekha.

Anamupeza Wallace pasiteji akudya nzimbe ndi anzake a kabaza. Mayi ake panalibe. Anazungulira msika wonse, akusuzumira m'malesitilanti. Atafika kumene amuna amaotcha kanyenya, anamva mawu amene ankawadziwa.

"Ya mbuzi, yamoto! Yewo bwana, lawani kaye."

Anali mayi ake, atavala ovololo ija, mpeni uli m'manja, thukuta lili kamukamu. Anthu anali ataunjikana pachiwaya chawo kuposa pa ena onse. Atamuona, a Philomena anaima kaye osaphethira, kenako anamupatsa mbale kuti awathandize kudula tomato.

Makasitomala atachepa anamufotokozera. Geniyo anayamba ndi mbuzi imene anawapatsa achimwene awo, chifukwa za m'munda zokha sizinkakwana. Ankabisa podziwa kuti apongozi sangalole mkamwana, mkazi wa mwana wawo, kuima pakati pa amuna, pafupi ndi mabala a mowa. Wallace ankangowanyamula ngati wina aliyense. Kenako Sellah anaulula zimene anachita. Mayi ake anangopitiriza kutembenuza nyama.

Lamulungu akuluakulu anakhala pakhonde la agogo aamuna, bambo a Bestone. A Providence anayala mlandu wonse, ovololo ndi njinga yamoto yomwe. Sellah anagwada, ngakhale kuti mwana salankhula pamalo otere, nanena zonse zimene anaona. A Providence sanafewe. Anati ngakhale palibe mwamuna, ndi manyazi ndithu mkazi wa pamudzi pawo kumakuwa pamsika ngati mnyamata.

Agogo anasisita bondo, kenako anafunsa.

"Chichokereni Bestone, ndani mwa inu anapititsako mchere kunyumba ya mkamwanayu?"

Agogo anati a Philomena apitirize geni yawo, koma azitsanzika poyera. A Providence ananyamuka osatsanzika, ndipo kuyambira tsikulo anasiya kuponda pakhomo pawo. Kumjigo nkhani ya Wallace inapitirirabe kunong'onedwa, chifukwa inali itafika kale m'midzi ina.

Pobwerera kunyumba Sellah ankayenda m'mbuyo mwa mayi ake.

"Amama, ndapota, mundikhululukire."

A Philomena anaima, namuyang'ana ndi maso otopa.

"Kubisa ndinalakwa, mwana wanga. Koma iwe ndi ine timagona nyumba imodzi. Unadutsa chitseko changa n'kukagogoda kwina. Ukanandifunsa."

Sellah anawerama, misozi ikugwera pafumbi. Mayi ake anamudikira mpaka anadzipukuta, ndipo anapitiriza ulendo ali limodzi.