Zala Khumi za a Enelesi

Kwa Chisemphere aliyense ankamudziwa Sankhani chifukwa cha msinkhu. Polowa m'chigafa ankachita kuwerama, ndipo pokoloweka fodya sankafuna chokwerapo. Koma utali wakewo sunabweretse kanthu pakhomo. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo banja lonse linkadalira zala za mayi ake, a Enelesi, omwe ankasoka fodya wawo m'mawa, masana n'kukasokanso wa eni ake paganyu.

Mnyamatayu ankasewera basiketibolo mu timu ina ya pa Kasungu boma. Pokonzekera, mpira unkamumvera bwino lomwe. Koma ikafika ndime ya chipulula, pomwe wogonja amalongedza n'kubwerera kwawo, Sankhani ankasanduka munthu wina. Masapota akayamba kukuwa, manja ankamunjenjemera, thukuta kamukamu, mpira n'kumadutsa kutali ndi ringi yogoletsera. Anzake anamupatsa dzina loti Njenjenje.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri ndi Chancy, mnzake wamfupi amene anatengedwa ndi timu ya kampani ina ku Lilongwe. Chancy anabwera pa Khirisimasi akuyendetsa galimoto, Sankhani akusewerabe ndi nsapato za pakaunjika zomata ndi guluu. Nsanje inamudya mnyamata mpaka kuonda.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, anapalasa njinga kupita kwa Lukwa, kwa sing'anga wina dzina lake Amosi, amene anthu ankamutchula monong'ona.

"Ndikufuna manja anga asiye kunjenjemera, agogo," anatero Sankhani. "Ndikufuna ndilemere ndi mpirawu."

A Amosi anagwira dzanja la mnyamatayo n'kulitembenuza ngati akuyesa tsamba la fodya.

"Dzanja labwino, koma lamantha. Likufunika kubwereka mphamvu. Kwanu ndani ali ndi manja osanjenjemera?"

"Amayi. Amasoka fodya osayang'anako n'komwe."

"Basi. Ukabe chingwe chimene asokera, ndidzakumange pamkono. Zikakuthina m'bwalo udzangochiluma, mpira udzalowa. Koma umve bwino, usadzati sindinanene. Ukaluma kamodzi, chala chimodzi cha mayi ako chauma. Sichidzapindikanso."

"Nanga zikatha zonse?" anafunsa Sankhani.

"Chingwe chidzatenga chimene chatsala," anayankha mkuluyo mosatekeseka. "Sukulu unapitako iwe. Kuwerenga mpaka khumi umatha."

Apa munthu wanzeru akanakwera njinga yake osatsanzika. Koma Sankhani anayamba kudzitonthoza. Chala chimodzi kapena ziwiri n'chiyani? Akalemera, amayi ake sadzasokanso fodya wa munthu. Anafika mpaka podziona ngati mwana wachifundo, ndipo mawa lake chingwe chinali pamkono.

Anachiluma koyamba pa semifainolo, nthawi itatsala pang'ono kutha. Anaponya ali kutali, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Masapota anamunyamula m'mwamba, dzina la Njenjenje linathera pomwepo. Atafika kumudzi anapeza amayi ake akuseka.

"Taona mwana wanga, kachala aka kangouma ngati kamtengo. Kaya ndinakagonera?"

Sankhani anayang'ana kumbali n'kulumbira mumtima kuti sadzabwerezanso.

Pasanapite nthawi timu ya ku Lilongwe inamutenga. Anagula galimoto loposa la Chancy, natumiza malata kumudzi. Pawailesi ankamutcha munthu wopanda mantha. Komatu amene amakulipira chifukwa cha chozizwitsa amachifuna tsiku lililonse. Masewero akafika pothina, kochi ankangoti, "Mpira wotsiriza mupatseni Sankhani." Mantha aja anali asanachoke, ankangomudikira pamzere woponyera mpira. Ndiye iye ankaluma, n'kulumbira, n'kudzalumanso.

Kumudzi zala zinkauma chimodzichimodzi. Kuchipatala anapima osapeza kanthu. A Enelesi anasiya kusoka fodya, kenako analephera kugwira khasu, kenako ngakhale buku la nyimbo kutchalitchi. Mlongo wake wa Sankhani, Tiyamike, analeka sukulu kuti aziwadyetsa ndi kuwamanga chitenje. Mayiwa sankadandaula. Masewero a mwana wawo ankaonera pa foni ya Tiyamike, maso ali gwa.

Timu itafika mu fainolo ya dziko lonse, Sankhani anapita kukawaona. Anapeza chigafa chili mbee, amayi ake atakhala pakhonde la nyumba yamalata, manja ali pamiyendo, zala zonse khumi zitauma.

"Chimandiwawa n'chimodzi chokha," anatero a Enelesi. "Ukagoletsa anthu onse amakuombera m'manja, ine mayi ako ndimalephera."

Kenako anaona pamkono pa Sankhani. "Ichi si chingwe cha fodya? Umavala kuti uzindikumbukira?"

"Eya, amayi."

Nkhope ya mayiyo inawala ndi chimwemwe. Sankhani anazemba n'kupita kuseri kwa chigafa, kumene analira mpaka kutha mawu. Anatenga mpeni kuti adule chingwecho, koma chinali chitalowa m'mnofu, mpeni unkangocheka khungu. Anathamangira kwa Lukwa.

"Chichotseni, agogo! Tengani galimoto, tengani zonse!"

"Galimoto ndilitani ine?" anatero a Amosi. "Chingwe chazolowera, sichidikiranso mano ako. Ukaponya mpira pa fainolo, ulowa basi. Ngati mayi ako ukuwafuna, usaponye."

Mawuwo anali omveka, ndipo Sankhani anatsimikiza kuti sasewera. Koma atabwerera ku Lilongwe anamva kuti kudzabwera mkulu wa timu ya kunja kudzaona iyeyo. Mtima uja unayambanso kunong'ona. Akhoza kulowa m'bwalo, n'kumangopatsira anzake osaponya yekha. Angadziwe ndani?

Anachitadi zimenezo. Mpira ukamupeza ankaukankhira kwa mnzake msangamsanga, masapota n'kumadabwa kuti katswiri wawo watani lero. Nthawi ili pafupi kutha, mapointi akufanana, mpira unagwera m'manja mwake. Asanaupereke, wosewera wa timu inayo anamugwetsa. Woyimbira analiza wezulo n'kuloza pamzere. Lamulo la masewerowa ndi loti wolakwiridwayo ndiye amaponya yekha, palibe womuponyera malinga ali bwino.

Bwalo lonse linali kuimba dzina lake. Khomo lotulukira linali pompo, losatseka, ndipo akanatha kusiya mpira pansi n'kumapita. Anayang'ana khomolo, anayang'ana chikho patebulo, anayang'ana mlendo wa kunja uja. Anaganiza zopusitsa chingwe: aphonye dala, anzake akamalize nkhondoyo mu nthawi yoonjezera.

Anatsinzina n'kutaya mpirawo chammbali, moipa kuposa m'masiku a Njenjenje. Mpira unagunda m'mphepete mwa thabwa la kuseri kwa ringi, unazungulira pa ringi pang'onopang'ono, n'kulowa.

Anthu anakhamukira m'bwalo akuvina. Sankhani anawakankha n'kuthamangira kuchikwama chake, momwe foni inali ikulira kale. Anali Tiyamike.

"Achimwene, amayi amaonera. Mpira utalowa anakweza manja kuti akuombereni, kenako angogwera kumbali. Achimwene, amayi atisiya!"

Pamaliro Sankhani sanalire. Anangokhala pafupi ndi bokosi akuwerenga zala zake mokweza, akafika pa khumi n'kuyambiranso. Kuyambira tsiku limenelo mutu sunabwererenso. Galimoto linatha, mlendo wa kunja anatenga wina, ndipo Tiyamike anatsala yekha m'nyumba yamalata ija.

Lero mukadutsa kwa Chisemphere mudzaona munthu wamtali, wausiwa, dzanja lamanja atalimangirira pachifuwa ndi zingwe za fodya. Ana akamamuseweretsa n'kumuponyera mpira, iye amathawa akukuwa kuti, "Ulowa! Ulowa!" Anawo amaseka, koma ife amene tinkawadziwa a Enelesi sitiseka, chifukwa zimatimvetsa chisoni.

Inu amene mukufuna kulemera msanga, chuma cha zitsamba sichibwera chaulere, ndipo wolipira amakhala munthu amene amakukondani koposa. Mantha a Sankhani akanatha ndi kupirira, umphawi wake ukanachepa ndi thukuta. Dyera linamupatsa chikho n'kumulanda mayi, ndipo palibe chikho chimene chingamubwezere.