Phazi la Mwini Galimoto

Galimotoyo inafika pagalaja chokokedwa, dzuwa litapendeka. Munatsika anthu awiri, mayi wamasiye ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu, amene anali atalanda kale makiyi.

"Chimwalirire achimwene ikungozima, amisiri," anatero mlamuyo. "Ndikangotuluka nayo pageti, zii. Muikonze, mawa ndikupita nayo kwathu."

Mayiyo ankangosisita chitseko cha galimotoyo.

Makaniko anaseka. Ntchitoyi anamerera nayo imvi. "Galimoto silira maliro, achimwene. Ili ndi kompyuta, ndipo kompyuta sinama. Mubwere m'mawa."

Kutada, atatsala yekha, analumikiza kamakina kake koyezera kunsi kwa chiwongolero. Vuto silinaoneke. Mafuta ankafika, moto unalipo, masensa onse ankayankha bwino. Chinatsala n'chimodzi. Kompyuta ya injini imaphunzira phazi la woyendetsa, mmene amapondera ndi mmene amasiyira. Ukafufuta zimenezo, imayambiranso ngati sinakhalepo ndi mwini.

Anaima pambali pa chitseko, chala chili pabatani lofufutira. Pamenepo nambala ya chopondera mafuta pakamakina kaja inasuntha. Inakwera, n'kutsika. Inakweranso, n'kutsika, mmene madalaivala akale ankapopera asanalize injini.

Anasuzumira. Chopondera chili phee.

"Ndi waya ameneyu," anadziuza. Anagwada n'kuzula pulagi yake. Nambala inazimiririka. Anapumira m'mwamba.

Kenako inabwerera. Inakwera, n'kutsika.

Mpando wa dalaivala unalira pang'onopang'ono, ngati munthu wathupi akukhazikika bwino. M'galimoto munadzaza fungo la sopo wometera ndevu.

Makaniko sanathawe. Nayenso kunyumba anali ndi mpando umene sankalola munthu kukhalapo chimwalirire mkazi wake. Anachotsa chala pabatani paja.

"Pepani bambo," anatero, "ndinalowa osaodira."

Anabwezera pulagi, n'kutseka chitseko mwaulemu.

M'mawa mlamu uja anapotokola kiyi mpaka thukuta kamukamu. Injini osatsokomola n'komwe.

"Ndiye mwakonza chiyani, akulu?"

"Palibe chofunika kukonza. Kamakina kakuti ilibe vuto."

"Chitsulo chakufa ichi." Anaponya makiyi pansi. "Alamu, khalani nacho. Muzisungiramo nkhuku."

Mayiyo anatola makiyiwo n'kulowa. Anali wamfupi, koma mpando sanausendeze kutsogolo. Anadikira kaye pang'ono, ngati akupatsa wina mpata, ndipo atapotokola kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi.

Mpaka lero galimotoyo imadutsa pagalajapo madzulo, ikuyenda myaa. Wowotcherera zitsulo wa pafupi amanong'oneza anthu kuti anasuzumiramo tsiku lina itaima pamphambano. Akuti manja a mayiyo anali pachiwongolero, koma mapazi awo anali lende, osafika pansi.

Makaniko akamva zimenezi satsutsa, savomera. Amangopukuta manja n'kunena kuti, "Ine ndinayeza. Ilibe vuto."