Dzina M'kathumba Kofiira

Zaka makumi awiri ndi ziwiri Lucius Fontenot ankayendayenda m'makoleji kusakira timu ya mpira wa ku America ya Akakowa ya mumzinda wa Port Landry osewera atsopano. Ntchito yake inali kukhala pa benchi, kabuku m'manja, kuonerera ana a eni akugundana zisoti, n'kumalemba amene ali ndi liwiro ndi amene ali ndi mantha. Malipiro ake anali ochititsa manyazi. Galimoto yake inkalira ngati chigayo, denga la nyumba yake linkadontha, ndipo jekete yomwe ankavala ku tchalitchi inali yomweyo ya pa ukwati wake ndi Odessa.

Koma chomwe chinkamudya mtima sichinali umphawi wokhawo. Osewera amene iye anawatola ali opanda ndi nsapato zomwe ankamudutsa pa magalimoto onyezimira osamukwezera n'dzanja lomwe. Anzake amene anayamba nawo ntchito ankaoneka pa wailesi ya kanema atavala mphete zopatsidwa opambana chikho. Lucius akawaona ankazimitsa kanemayo n'kutukwana.

Chaka chimenecho Akakowa anapambana masewero awiri okha mwa masewero khumi ndi asanu ndi awiri. Mu Januwale mwini timu, bambo Hargrove, anachotsa ntchito kochi, manijala ndi onse owathandiza. Kenako anaitana Lucius ku ofesi.

"Fontenot, ndakupatsa umanijala," anatero osam'patsa ndi mpando womwe. "Usaganize kuti ndakuona nzeru. Ndiwe wotchipa basi. Pofika Seputembala ndikufuna timu yoti anthu n'kuigulira matikiti."

"Nanga ndalama zogulira osewera, bwana?"

"Ndataya zokwanira pa zitsiru. Gula ndi maso akowo. Ukalephera, ukagulitse nkhanu kumsika."

Lamlungu lotsatira Lucius ndi Odessa anakadya chamasana kwa mkulu wake Alcide, makaniki wa injini za maboti, yemwe anatsala m'nyumba ya malemu mayi awo. Alcide atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsamwa nyemba.

"A manijala! Mphwanga, akupatsa boti lobooka kuti umire nalo wekha. Tasiya za mpirazo, ubwere uzidzandigwirira sipanala. Ndizikulipira Lachisanu lililonse."

Odessa nayenso anaseka pang'ono. Lucius anakankha mbale ya mpunga, natuluka osatsanzika. Kuyambira ali ana Alcide ndiye anali wokondedwa, Alcide ndiye analandira nyumba, ndipo lero Alcide yemweyo ankamuseka pamaso pa mkazi wake.

M'mawa mwake anayendetsa galimoto mpaka kumapeto kwa msewu wa kudambo, kumene mayi Philomene ankagulitsa makandulo ndi mafuta onunkhira. Aliyense ankadziwa kuti malonda enieni a mayiwo ankachitikira m'chipinda cha kuseri. Anamulowetsa, namumvetsera osam'dula mawu.

"Osewera abwino ndi odula," Lucius anamaliza. "Otchipa ndi othyokathyoka, amene matimu ena anawataya."

"Ndiye gula othyokawo," anatero mayi Philomene.

"Mungawachiritse?"

"Ine sindichiritsa bala. Ndimangolisamutsa." Anatulutsa kathumba ka nsalu yofiira n'kukaika patebulo. "Posayinitsa munthu, kathumba aka kakhale m'thumba la pachifuwa. Bala lake lidzachoka tsiku lomwelo. Koma chizimba chake ndi dzina ndi tsitsi la munthu wako, wa magazi ako kapena wa m'nyumba mwako. Ameneyo ndiye adzasenze."

"Wachilendo sizingatheke?"

"Wachilendo akusenzere katundu ngati ndani wako?"

Lucius anafunsa kuti, "Adzafa?"

"Zimenezo zidzatengera dyera lako, osati mankhwala anga. Bondo limodzi munthu safa nalo. Ukulemba kapena ukutuluka? Ndili ndi makasitomala panja."

Kuseka kwa Alcide kunali kukadali m'makutu mwake. Anatenga cholembera. Tsitsi anakalitola m'chipewa chimene mkulu wakeyo anaiwala m'galimoto.

Mu Malichi anasayinitsa wothamanga ndi mpira amene bondo lake linang'ambidwapo katatu. Atolankhani anaseka, nalemba kuti Akakowa atsegula chipatala. Koma dokotala wa timu atajambula bondolo anagwira pakamwa: linali langwiro ngati la mwana wa sukulu. Masana omwewo Alcide anagwa pa ntchito pake popanda chom'gunda, bondo litaphwanyika.

Mu Epulo Lucius anasayinitsa woponya mpira amene phewa lake linali litatha. Sabata yomweyo mnyamatayo ankaponya mpira kuchokera pakati pa bwalo mpaka kumapeto. Alcide anadzuka dzanja lamanja litalendewera ngati chingwe. Malo ake okonzera maboti anatsekedwa.

Lucius anapita kukamuona ku chipatala atanyamula maluwa.

"Mphwanga," anatero Alcide, mawu atatsika, "madokotala akuti thupi langa lili ngati la munthu amene wakhala akugundidwa zaka khumi. Ine mpira sindinasewerepo. Kodi ndinalakwira ndani?"

"Ndi ukalamba, achimwene. Mumadzipanikiza ndi ntchito."

"Za tsiku lija undikhululukire. Ndinkangocheza. Ndamva kuti zikukuyendera, ndipo ndikukunyadira."

Lucius anatuluka m'chipatalamo ali wokwiya kuposa momwe analowera. Akanakonda kuti amutukwane. Anamenya chiwongolero cha galimoto mpaka dzanja kutupa, koma kathumba sanakachotse pachifuwa.

Pofika Juni nkhani inatembenuka. Atolankhani omwe aja anayamba kumutchula katswiri wa maso akuthwa. Matikiti a chaka chonse anatha m'masiku anayi. Bambo Hargrove anamukokera mpando okha, nam'patsa kontrakiti ya zaka zisanu. Lucius anagula nyumba yaikulu ya m'mbali mwa mtsinje, galimoto ziwiri, ndi masuti osokedwa pa msinkhu wake. Odessa sanasangalale nazo kwenikweni, chifukwa masiku ambiri ankakhala kwa mlamu wake, kumusambitsa ndi kum'dyetsa.

Lucius anadzilonjeza kuti pakwana. Kenako anamva za wowakha mpira woposa onse m'dzikomo, amene anasiya kusewera chifukwa mutu wake unagundidwa kambirimbiri mpaka madokotala kumuletsa. Anaganiza masiku awiri. Tsiku lachitatu anamuimbira foni.

Alcide anayamba kuopa kuwala. Ankaitana Odessa kuti mayi, ankaponya makapu kukhoma, ndipo tsiku lina anayang'ana Lucius n'kufunsa kuti, "Bambo awa akufuna ndani?"

Mu Ogasiti, timu ikukonzekera pa dzuwa loswa mtengo, kochi watsopano anadandaula kuti alibe wotchinga wamphamvu woteteza woponya mpira uja. Panali chimunthu china chimene chinapuma chifukwa cha khosi lothyoka. Lucius anasayinitsa chimunthucho nthawi ya chakudya chamasana. Inki isanaume, foni yake inalira.

"Bwerani," anatero Odessa akulira. "Alamu atisiya. Anali khale pampando, ndikuwapatsa madzi. Ndangomva kuti thyo!"

Atangoika maliro, Lucius anathamangira kudambo kuja. Anakankha chitseko cha mayi Philomene mpaka makandulo kugwa pa shelefu.

"Mfiti inu! Mwandiphera m'bale wanga!"

"Tola makandulo angawo," anatero mayiwo osadzuka. "Dzanja limene linalemba dzina lija linali langa? Amene anasayinitsa anthu anayi ndine? Ndinakuuza kuti bondo limodzi munthu safa nalo."

Lucius anakhala pansi.

"Tsopano tamvera. Wakufa sasenza kanthu. Pofika Lamlungu la masewero oyamba, mabala anayi aja adzafuna thupi. Njira zilipo ziwiri. Uwachotse ntchito anayiwo, undibwezere kathumba, mabala abwerere kwa eni ake, iwe ubwerere ku nyumba yako yodontha. Kapena ulembe dzina lina. Kathumba kakakhala kopanda dzina, kamadya amene wakanyamula."

"Ndilibenso m'bale."

"Ndinati wa magazi ako kapena wa m'nyumba mwako."

Lucius anaganiza za mpando umene bambo Hargrove anamukokera, za anthu amene tsopano ankaimirira iye akamalowa mu lesitilanti. Anadziuza kuti ali ndi ndalama zolipirira madokotala abwino kwambiri. Anatambasula dzanja, napempha cholembera.

Lamlungu la masewero oyamba, Odessa anadzuka m'mawa kuti asite suti ya mwamuna wake. M'thumba la pachifuwa anapezamo kathumba kofiira. Iye anabadwira m'dera lomwelo, ndipo sanafune womuuza kuti n'chiyani. Anakamasula. Munali timapepala tiwiri. Kena kanali kakale, kolembedwa kuti Alcide. Kena kanali katsopano, kolembedwa kuti Odessa, kokulungidwa ndi tsitsi lake lomwe.

Lucius atalowa m'khitchini anapeza mkazi wake ataima pafupi ndi mbaula, timapepalato tili m'manja.

"Odessa, tamvera kaye…"

"Khala chete!" Zaka zonse za ukwati wawo anali asanamuyankhulepo choncho. "Ine ndimapukuta m'bale wako, kumutembenuza pabedi, iwe ukubwera ndi maluwa! Unaima pamanda ukulira, mpango ndikukupatsa ine! Ndinadya nawe mpunga wopanda ndiwo, ndinatchera zidebe pamene denga linkadontha, sindinadandaulepo. Lero wandilemba ngati mbuzi ya pamsika chifukwa cha mpira? Mpira, Lucius?"

"Ndikanakupezera madokotala, ndikulumbira…"

"Madokotala a khosi lothyoka?"

Anayatsa mbaula, naika kapepala ka dzina lake pamoto mpaka kanasanduka phulusa. Kathumba kaja anam'genda nako pachifuwa.

"Katundu wakoyo. Senza wekha."

Anatenga makiyi a galimoto, natuluka ndi zovala za m'thupi zokha, ulendo wa kwa mchemwali wake.

Lucius anathamangira ku bwalo la masewero. Anapeza bambo Hargrove m'chipinda cha magalasi cha pamwamba, pakati pa alendo olemera.

"Bwana, anayi aja asasewere lero. Ndiwachotsa ntchito pompano."

"Wapenga? Tayang'ana pansipo. Mipando yonse yadzaza chifukwa cha anayi omwewo. Khala pansi, imwa kanthu."

Lucius anataya kathumba m'bini, koma atagwira pachifuwa anakapeza kali momwemo. Wezulo inalira, mpira unamenyedwa, khamu linabangula.

Bondo ndilo linayamba. Lucius anagwa pakati pa matebulo a zakudya akukuwa. Pofuna kudzuka, phewa linaguluka. Kenako nyali zonse zinayamba kumubaya m'maso, ndipo nkhope zomuzungulira sanazidziwenso. Alendo aja anamva phokoso lomaliza, lofanana ndi nthambi youma ikamathyoka.

Akakowa anapambana tsiku limenelo. Lachitatu bambo Hargrove analengeza dzina la manijala watsopano, ndipo atolankhani sanafunse zambiri.

Lucius sanafe msanga. Anagona miyezi itatu m'nyumba yosungira odwala, osatha kusuntha ngakhale chala, osadziwa dzina lake. Anamwino anaphunzira kuzimitsa kanema pa masiku a mpira, chifukwa akamva wezulo ankalira mokuwa mpaka kukomoka. Palibe amene anabwera kudzamuona. Anamwalira mu Disembala, ndipo pa maliro ake panali m'busa, okumba manda ndi nthumwi imodzi ya timu yomwe inkangoyang'ana wotchi. Mwezi usanathe, osewera anayi aja anagwa mmodzimmodzi ndi mabala awo akale, Akakowa nabwerera pansi pa ligi.

Umphawi umapweteka, ndipo kunyozedwa kumapweteka koposa. Koma palibe chilichonse mwa ziwirizi chimene chinagwira dzanja la Lucius Fontenot n'kulilembetsa mayina aja. Anali ndi mpata wosiya kanayi konse, ndipo kachisanu anachita kumuonetsa khomo lotulukira, iye n'kukana. Munthu amene wavomera kuti mnzake avutike kuti iye alemere sadziwanso polekezera: amatha abale ake, amatha banja lake, kenako dyera lomwelo limatembenukira iye mwini.