Amayi Ena mu Filimu

Kabatani anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi amayi ake. Ankati mphuno yake ndi yaing'ono ngati batani.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukaonera filimu.

Gawo loyamba la filimuyo anaonera chaka chatha. Anapita atatu: iye, bambo ake ndi amayi ake. Filimuyo inali ya banja lina loseketsa. Munali bambo wokonda kugwa pa makwerero. Munali ana awiri osamva. Munalinso mayi wamfupi, wonenepa. Mayiyo akayetsemula, mbale zinkagwa pa shelefu.

Kenako amayi a Kabatani anadwala. Anapita kuchipatala. Sanabwerenso.

M'nyumba munati zii. Bambo ankasoka nsapato za anthu pakhonde. Ankasoka m'mawa. Ankasoka masana. Za amayi sankanena.

Tsopano gawo lachiwiri linafika.

"Bambo, tipite," anatero Kabatani.

"Ntchito."

M'mawa mwake anapemphanso. "Bambo, tipite."

"Ntchito, mwanawe."

Tsiku lachitatu Kabatani sanapemphe. Anangoima pafupi. Anaima mpaka masana. Bambo anaika singano pansi. Anasamba m'manja.

"Vala juzi," anatero.

Anayenda wapansi mpaka ku holo. Pakhomo panali bambo wong'amba matikiti.

"Awiri okha?" anafunsa bamboyo. "Amayi a kunyumba mwawasiya akuchapa?"

Bambo a Kabatani anapereka matikiti. Analowa.

M'katimo munali mdima. Munkanunkha fumbi. Mipando inkalira munthu akakhala. Pambali pa Kabatani panali mpando wopanda munthu. Kabatani anaikapo juzi yake.

Filimu inayamba. Bambo wa mu filimu anagwa pa makwerero. Anthu anaseka. Anagwanso. Anthu anasekanso, koma pang'ono.

Kabatani ankadikira. Ankadikira mayi wamfupi uja.

Ana a mu filimu anaitana, "Amayi, amayi."

Chitseko chinatseguka. Panalowa mayi wamtali, woonda. Sanali mayi uja.

"Bambo, uyu ndani?" ananong'ona Kabatani.

"Amayi awo."

"Ayi. Amayi awo ndi aafupi."

"Asintha wosewera."

Ana aja anamukumbatira mayi wamtaliyo. Bambo wa mu filimu anamugwira dzanja. Palibe anafunsa. Palibe anadabwa. Palibe analira. Onse ankangoti, "Amayi, amayi."

Mayi wamtaliyo anayetsemula. Mbale zinagwa. Kabatani sanaseke.

Anaimirira. Anafuula, "Si amayi anu amenewo!"

"Iwe kamwana, khala pansi," anatero mayi wina kumbuyo. "Mutu wakowo si galasi."

"Sakukumva, ndi filimu," anatero mnyamata wina. Anthu anaseka.

Bambo anatola juzi. Anamugwira Kabatani dzanja. Anatuluka.

Kunja dzuwa linkaswa mtengo. Anakhala pa masitepe a holo. Kabatani ankalira mwakachetechete.

"Filimu yoipa," anatero.

"Yoipa," anavomera bambo.

"Aiwala amayi awo."

Bambo ankayang'ana nsapato za anthu odutsa.

"Inunso mwaiwala," anatero Kabatani.

Bambo anatembenuka.

"Simuwatchula. M'mawa simuwatchula. Masana simuwatchula. Kodi kwathunso kudzalowa mayi wina, ife n'kumangoti amayi, amayi?"

"Ayi."

"Ndiye mukuwakumbukira?"

"Tsiku lililonse."

"Nanga bwanji simunena?"

Bambo anagwira pakhosi pawo. "Ndikayamba, apa pamatseka."

"Yesani."

Bambo anayesa. Mawu sanatuluke. Basi inadutsa. Njinga inadutsa. Galu anadutsa. Kabatani anadikira.

Bambo anayesanso.

"Tsiku lija tinabwera atatu," anatero, "amayi ako anagona."

"Anagona kuti?"

"Momwemu. Filimu ili pakati. Kukamwa kuli yasa."

"Bodza."

"Ndi mkonono womwe. Ndinawagwedeza kawiri."

"Ndiye anadzuka?"

"Magetsi atayaka. Potuluka anati, 'Filimu yabwino bwanji. Makamaka kumapetoko.'"

Kabatani anaseka. Misozi inali idakali m'masaya. Anaseka mpaka kutsokomola. Bambo anapukuta maso awo ndi chala chachikulu.

"Nenani china," anatero Kabatani.

"Mawa."

"Lero."

"Ndati mawa. Tiye."

Bambo anaimirira. Kabatani sanaimirire. Anapinda manja. Anatulutsa mlomo.

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Makani amenewa ndi a amayi ako," anatero. "Mlomowo womwe."

"Chimenecho ndi chachiwiri," anatero Kabatani. "Nenani chachitatu."

Bambo anapukusa mutu. Anawerama. Anamukweza Kabatani paphewa.

Chachitatu ananena ali pa mphambano. Chinali cha ambulera imene inauluka ndi mphepo, amayi n'kuithamangitsa opanda nsapato.

Chachinayi ananena ali pa mlatho. Chimenecho sichinali choseketsa. Onse awiri analira pang'ono.

Nyumba yawo inaonekera. Inali pafupi.

"Bambo, chachisanu," anatero Kabatani.

"Chachisanu n'chachitali."

"Nanga titani?"

Bambo anaima. Anayang'ana nyumba. Anayang'ana msewu wozungulira, wautali.

Anakhotera ku msewu wautaliwo.