Chikepe Chinabwera Chodzaza

Nkhaniyi si ya kumowa. Amene anaona ndi maso awo alipo, ndipo mutha kuwafunsa: sisitala wamkulu wa ku wodi ya amayi oyembekezera, mayi wosadziwa kukometsera nkhani, ndiponso mekaniki wa kampani imene inaika chikepe chamagetsi chokweza anthu, munthu amene kale ankaseka akamva za mizimu. Koma amene zinamugwera pakhomo ndi Kapitawo, mkulu wa amisiri okonza zowonongeka pachipatalapo. Iyeyo sakonda kuikamba. Anaikamba kamodzi kokha, ndipo anaikamba motere.

Chipatalacho ndi cha boma, nyumba yosanja. Omanga anaika wodi ya amayi ndi chipinda cha opaleshoni pamwamba penipeni, podalira kuti pali chikepe. Ndiye chikepecho chinafa. Chinangoima tsiku lina masana, mota itapsa, fungo la waya lili m'makonde onse.

Chaka ndi chaka Kapitawo ankavala jekete lake lamaliro nʼkukwera basi kupita kulikulu kukapempha ndalama zokonzera. Yankho linali lomwelo: "Chaka chino bajeti yafinyika, bambo. Tionane chaka chamawa." Chaka china ndalama zinabweradi, koma zinabwera zitauzidwa kale kopita. Zinapenta khoma la kumsewu ndi kugula mipando ya m'chipinda chamisonkhano. Odwala anapitiriza kunyamulidwa pamachila m'masitepe, amuna anayi thukuta lili kamukamu, akupendeka pokhota paliponse ngati akusamutsa kabati. Ena ankafika pamwamba. Ena ankathera panjira.

Mwa othera panjirawo munali mlongo wake wa Kapitawo. Anabwera ndi pakati, akutaya magazi, ndipo mzimu unachoka ali pokhotera pachiwiri. Mmodzi mwa omunyamulawo anali mwamuna wake yemwe, amene ntchito yake pachipatalapo inali yomweyo yonyamula odwala. Kuyambira tsikulo bamboyo sanapatsenso Kapitawo moni.

"Makiyi a chikepe amagona m'thumba mwa ndani?" ankafunsa mokweza akakumana pakhonde, anthu akumva.

"Alamu, makiyi sadzutsa mota yakufa. Ndapempha mpaka nsapato zatha."

"Musanditchule alamu. Ulamuwo tinakwirira limodzi ndi mlongo wanu."

Kapitawo ankangodutsa. Mumtima ankapsa, chifukwa womwalirayo anali mwana wa mayi ake, anamubereka kumsana ali wamng'ono. Koma munthu wolira sutsutsana naye.

Patapita zaka boma linatulutsa ndalama zokonzera zipatala ndi kugula zipangizo, ndipo nthawi iyi chikepe chinali m'gulumo. Chakale anachizula chidutswachidutswa. Chatsopano chinafika chonyezimira, cha galasi lalikulu kumbuyo, chonunkhira pulasitiki. Anamwino ankamuseka Kapitawo pakhonde: "Akapitawo, mwatipulumutsa. Akatumba athu apume pantchito tsopano!" Iye ankaseka nawo. Kwa nthawi yoyamba ankayenda mutu uli mʼmwamba.

Tsiku loyesa linali lowala bwino, dzuwa litangopendeka. Mekaniki anadina batani, chitseko chinatseguka mwakachetechete, ndipo iye ndi Kapitawo analowa. Pompo belu linalira. Getsi lofiira linayaka, lija losonyeza kuti katundu wachuluka.

"Mwadya chiyani masana ano, akuluakulu?" anatero mekaniki akuseka.

Kapitawo anatuluka. Belu silinasiye. Mekaniki nayenso anatuluka, akukanda mutu. Chikepe chinatsala chopanda munthu, koma belu linkalirabe. Kapitawo anayang'ana pansi. Pansi pa chikepecho panali patatsikirapo kusiyana ndi simenti ya khonde, monga imachitira galimoto ikasenza matumba.

Kenako belu linasiya lokha. Chitseko chinatsekeka, ndipo chikepe chinakwera popanda wochidina.

Mekaniki anagwira ntchito sabata yathunthu. Anasintha kachipangizo koyezera kulemera, anasintha mawaya, anaimbira foni akuluakulu ake. Tsiku lomaliza anakwera padenga la chikepecho kukaona zingwe chikuyenda. Anatsika milomo itauma.

"Ndaika zikepe zambiri, bambo," anatero motsitsa mawu. "Zingwe za chikepe chopanda kanthu sizilira choncho. Muli anthu umu."

Anatenga zida zake nʼkuchoka tsiku lomwelo.

Zimene zinkachitika pamwamba ananena ndi sisitala wamkulu. Chikepe chikafika, chitseko chinkatseguka nʼkutuluka mpweya wozizira, wa fungo la magazi ndi mabulangete onyowa. Munthu sankaoneka. Koma galasi lija linkakhala ndi nthunzi ya mpweya wa m'kamwa, malo ambirimbiri, pena pamwamba, pena pansi pafupi ndi mawondo, ngati pa munthu wogona. Kenako mapazi osavala nsapato ankamveka pasimenti, akukhwekhwereza. Mabedi opanda anthu ankalira masipuling'i. Pakapita kanthawi mapazi aja ankabwerera, chitseko nʼkutsekeka, chikepe nʼkutsika kukatenga ena.

Wamoyo sichinkamulola. Aliyense akaponda mʼkatimo, belu.

Kapitawo anakauza mkulu wa chipatala. Mkuluyo sanamupatse nʼmpando womwe.

"Mukufuna ndikauze boma kuti ndalama zawo zagula chiwanda? Akuluakulu abwera, adula riboni, ajambulitsa. Chikepe chikukwera, chikutsika. Kapena mukufuna zoti tisadzapatsidwenso kanthu?"

"Bwana, odwala akukwerabe masitepe."

"Konzani. Mumalandirira zomwezo."

Potuluka anapeza mlamu wake atatsamira machila pakhonde. Anali atamva zonse. Anamwetulira kumwetulira kopanda chimwemwe.

"Mukudabwa chiyani? Mumati othera m'masitepe aja anapita kuti? Akhala akudikira pansi pano zaka zonsezi. Mwawabweretsera, ndiye asakwere?"

Kapitawo anali ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo mwanayo anali woyembekezera koyamba. Tsiku lake linafika nthawi ya dzinja, chakumadzulo, ogwira ntchito masana akusinthana ndi ausiku. Mvula inali itangokata. Kapitawo ankatseka chipinda cha zida pamene anamva hutala ya galimoto pageti ndi mawu a mkazi wake akuitana. Anathamanga. Mwana wake anali pampando wakumbuyo, nsalu yonse ili yofiira.

Sisitala wamkulu anatsika yekha. Anamugwira pamimba, anamuyang'ana m'maso, nʼkunena mawu amodzi: "Opaleshoni."

Anamugoneka pamachila a mateyala. Mwa onyamula odwala panali mlamu uja yekha, anzake anali asanafike. Anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana masitepe. Kapitawo anakankha machila kulunjika kuchikepe.

Chitseko chinatseguka asanadine.

Kunja achule ankalira m'ngalande. Onse analeka nthawi imodzi. Kunangotsala madzi akudontha kuchokera padenga, tho, tho, tho.

Fungo lija linawapeza. Kapitawo anakankhira machila mʼkati. Belu linalira.

"Tulukani, Sisitala," anatero. "Apite yekha. Mukamulandire pamwamba."

Sisitala anatuluka. Kapitawo anachotsa manja. Mtsikana anatsala yekha pansi pa getsi loyera. Belu linkalirabe.

Ndiye machila anayamba kuyenda. Pang'onopang'ono, mateyala akulira, anabwerera chambuyo kutuluka m'chikepemo. Pansi panali posatsetsereka. Kapitawo anawagwira nʼkukankha ndi mphamvu zake zonse. Anamva ngati akukankha khoma. Wina ankakankha mbali inayo.

"Adadi," mtsikana ananong'ona. Maso ake anali pagalasi. "Akundiyang'ana."

"Ndani, mwanawe?"

"Ambiri. Akwiya. Akuti ndikhale pamzere. Iwo anayamba kufika."

Kapitawo anasiya machila. Anafuula m'chikepe chopanda kanthucho: "Ndinakupemphererani ine! Ndinayenda ine! Mwanayu walakwa chiyani?"

Galasi lonse linachita nthunzi nthawi imodzi.

Mlamu wake anamukankhira pambali. Anaima pakhomo pa chikepe, anavula chipewa. Mawu ake anali ofewa, mawu amene Kapitawo anali asanawamve kwa zaka.

"Mayi, ngati muli momwemu, ndine. Uyu ndi mwana wa achimwene anu. Munamusambitsa ndinu. Musunthireni pang'ono."

Zii.

Belu linasiya.

Mtsikana anayamba kulira mopanda mawu. "Azakhali alimo," anatero. "Ayang'ana kumbali."

Chitseko chinatsekeka pamaso pawo. Chikepe chinakwera.

"Nyamulani!" anakuwa Sisitala.

Anamusamutsira pamachila amanja. Mlamu anagwira kutsogolo, Kapitawo kumbuyo, Sisitala ndi dalaivala wa galimoto ija m'mbali. Anakwera. Magazi ankadonthera pansapato za Kapitawo. Kuseri kwa khoma ankamva chikepe chikutsika, chikukwera, chikutsikanso, zingwe zikubuula. Pokhotera pachiwiri mlamu anaima.

"Alamu, chonde," anatero Kapitawo.

Bamboyo anapukuta nkhope paphewa nʼkupitiriza.

Madokotala anapulumutsa mtsikanayo. Khanda, lomwe linali lalimuna, silinalire. Dokotala ananena mosabisa kuti akanafika msanga pang'ono, nkhani ikanakhala ina.

Atachoka kumanda Kapitawo sanapite kunyumba. Anapita kuchipinda cha magetsi, anazimitsa swichi ya chikepe, anazula mafyuzi, anadula waya wamkulu ndi manja ake nʼkukhoma loko. Atatuluka anapeza chikepe chikukwera, magetsi ake akuyaka. Anaima pomwepo mpaka chinatsika. Chitseko chisanatseguke anamva mawu atsopano mʼkatimo, aang'ono, osasamala belu. Khanda linkalira.

Anakhala pansi pakhonde, munthu wamkulu, anthu akumulambalala.

Oyendera ntchito za boma anabwera mwezi wotsatira. Anaima patali, anaona chikepe chikukwera ndi kutsika, anagwedeza mitu mokhutira. Chipatalacho anachichotsa pagulu la zofunika thandizo. Za chikepe china, kapena zotsitsira wodi ya amayi pansi, anati zimenezo ndi za chaka china.

Zotsiriza zinachitika m'mawa, dzuwa litatuluka kale, khonde lili ndi anthu. Sisitala wamkulu anali pamwamba. Kapitawo ankadutsa ndi makwerero paphewa pamene anaona mlamu wake ataima pachikepe. Sanavale yunifolomu. Anavala malaya oyera ositidwa bwino, ndevu atameta.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Ndikamufunse," anatero osatembenuka. "Ndinamupempha pamaso pa anthu, iye nʼkuyang'ana kumbali. Mkazi wanga sanali wotero."

"Musalowe. Sichikulolani."

Chitseko chinatseguka. Bamboyo analowa, mapazi onse awiri. Kapitawo anadikira belu.

Belu silinalire.

Mlamu anasuntha phewa ngati munthu wopatsidwa malo pakati pa anthu othinana. Kenako anayang'ana Kapitawo, maso ali gwa.

"Inu musadzitame kuti ndakukhululukirani," anatero. "Ndipo akuti akukudziwani."

Chitseko chinatsekeka.

Kapitawo anaponya makwerero nʼkuthamanga m'masitepe, akuitana Sisitala. Atafika pamwamba anamupeza ataima moyang'anana ndi chikepe, dzanja lili pakamwa. Chinali chitafika kale. Chinali chotsegula. Mayiyo analumbira, ndipo amalumbirabe mpaka lero, kuti anachiona chikutseguka ndipo simunatuluke munthu.

Apolisi anafufuza padenga pake, anatsikira kudzenje la pansi ndi matochi, anafunsa kwa abale. Sanapeze ngakhale batani la malaya.

Kapitawo akugwirabe ntchito pamenepo, poti ana a mlongo wake tsopano akudya kwa iye. Kuti afike kuchipinda cha zida ayenera kudutsa pakhonde lomwelo, njira ina kulibe. Anthu ena akamadutsa, chikepe chimakhala chotseka. Akamadutsa iye chimatseguka.

Belu sililira.

Chimangoima chotsegula, mpaka atakhota.