Buledi wa Zala Zitatu

Miyezi isanu inali itadutsa Ghizlane osapita kumwezi, ndipo sanauze munthu. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, katswiri wothamanga pasukulu yake ku Azrou. Anzake a m'timu ankati wopepuka ndiye amapambana, iye n'kuzitenga ngati lamulo. M'mawa uliwonse amayi ake, a Rkia, ankamukulungira buledi, koma akangokhota pakona ankamupsompsona bulediyo n'kumusiya pamwamba pa khoma, poti buledi satayidwa pansi.

Koma mwana wochenjerayu anaiwala chinthu chimodzi. Banja lililonse limaika chizindikiro chake pa mtanda lisanautumize ku uvuni ya m'dera, ndipo cha a Rkia chinali timaenje ta zala zitatu pakati.

Tsiku lina pochokera kusukulu anapeza amayi ake akumudikira, patebulo pali zidutswa zinayi za buledi zouma gwa, timaenje tija tikuoneka.

"Khoma la kwa osoka nsapato lija likudya bwino masiku ano," anatero a Rkia. "Nanga mwana wanga?"

Ghizlane anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. "Amayi, kumwezi ndinasiya kupita. Koma sindinachite choipa chilichonse, ndikulumbira!"

"Ndakufunsa zimenezo ine? Paketi ya mapadi ndinakugulira ija ili chikhalire yosatsegula. Ndimadikira kuti undiuze wekha. Bwera kuno, iwe."

Anamukumbatira, ndipo mtima unawawawa atamva nthiti za mwana wawo m'manja.

Kutacha anapita kuchipatala. Dokotala, mayi wa magalasi, anamuyeza n'kumukhazika pansi.

"Mafuta a m'thupi si katundu wongolemetsa ayi, mwanawe. Amatulutsa timadzi timene timayenda m'magazi kukauza ubongo kuti chakudya chilipo. Mafutawo akachepa kwambiri uthenga umazilala, ubongo n'kuyesa kuti kwagwa chilala. Basi umaimitsa msambo, poti thupi lanjala silingasunge mwana. Mafupa nawonso amayamba kufooka."

"Ndiye kuti sindidzabereka?" anafunsa Ghizlane chapansipansi. Mantha amenewa ndi amene anawasenza yekha miyezi yonseyi.

"Ukamadya mokwanira n'kuchepetsako kuthamanga, nthawi zambiri msambo umabwerera. Koma mpikisano wa mwezi wamawa uiwale."

Zinamupweteka kwambiri. Tsiku la mpikisanolo anakhala pa benchi, anzake akumudutsa ngati mphepo, ndipo analira osabisa. A Rkia anali pambali pake, kumunyemera buledi womuviika m'mafuta a azitona. Anadya akusisima, koma anadya.

Panapita miyezi inayi, masaya akubwerera pang'onopang'ono. M'mawa wina Ghizlane analowa kukhitchini, amayi ake akukanda mtanda, n'kuima kumbuyo kwawo mwamanyazi.

"Amayi, paketi ija ndatsegula."

A Rkia anasiya kukanda. Maso awo anadzaza misozi. Anagwira dzanja la mwana wawo, nasankha zala zake zitatu, n'kuzidinda pakati pa mtanda.